Injini ya Cleveland ikawira, musathamangire kugula zatsopano

Anthu akamva za galimoto zamphamvu zakale zija amati muscle car, maganizo amathamangira ku America, kwa Mustang, Camaro, Charger ndi GTO. Kwawo n'komwekodi. Kuyambira mu 1964 makampani a ku Detroit ankapikisana kulonga injini zikuluzikulu za V8 (za masilinda asanu ndi atatu) m'galimoto za msinkhu wapakati, mpaka malamulo a utsi, kukwera kwa inshuwalansi ndi vuto la mafuta la mu 1973 zinathetsa mpikisanowo. Koma kuno ku South Africa, kumene ambirife tinabwera kudzasaka ntchito, kunalinso zakezake. Basil Green wa ku Johannesburg ankatenga Ford Capri, kuikamo injini ya V8 yotchedwa 302, ya malita pafupifupi 5, n'kuitcha Capri Perana. General Motors inatulutsa Chevrolet Firenza Can-Am zokwana 100 zokha mu 1973 kuti zikalimbane ndi Perana yomweyo pa mipikisano ya liwiro.

Imene ndikufuna kukamba ine ndi Ford Fairmont GT. Imeneyi ndi Falcon GT ya ku Australia, yomwe inkabwera m'zidutswa n'kumangidwa ku fakitale ya Ford ku Port Elizabeth, mzinda umene lero ukutchedwa Gqeberha, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ili ndi zitseko zinayi, chiwongolero kumanja ngati galimoto zathu zonse, ndipo pansi pa boneti pali 351 Cleveland, injini ya malita 5.8. Pa boneti pamatulukira chipewa chakuda chokokera mpweya, chimene amati shaker. Chinamangiriridwa pa injini penipeni, osati pa boneti, choncho injini ikamalira icho chimanjenjemera nayo limodzi. Zambiri mwa galimotozi anthu a ku Australia anadzazigula n'kuwoloka nazo nyanja, ndiye zotsala kuno n'zowerengeka.

Ntchito yanga ndi ya umakaniko. Ndinaiphunzirira ku Biwi ku Lilongwe, pa ma Corolla ndi ma Hiace, ndipo pano ndili pa galaja ina ku East Rand, chakum'mawa kwa Johannesburg, kumene kumabwera galimoto zakale zambiri. Chimene chimandipweteka n'chakuti galimoto zoterezi kawirikawiri sizifa ndi ukalamba. Zimawonongekera m'manja mwa anthu ozikondadi, amene ali ndi ndalama komanso phuma. Munthu angomva injini ikutsokomola, usiku womwewo waitanitsa kale zipangizo pa intaneti, zonyezimira, zodula, zochokera ku America, asanadziwe n'komwe chimene chikudwala.

Mwini wake wa Fairmont imeneyi ndi bambo wachikulire, wofatsa, amene anaitenga kwa mkulu wake. Madandaulo ake anali akuti galimoto ikakhala pa mzere wa magalimoto imawira, ikazimitsidwa ili yotentha imakana kuliranso, ndipo akaponda mafuta mwadzidzidzi imayamba yabanika isanathamange. M'buti munali makatoni: kabureta yaikulu ya 850 cfm (muyeso wa mpweya umene imalola kudutsa pa mphindi), rediyeta ya aluminiyamu, fani yamagetsi ndi pampu ya oyilo yopopa kwambiri. Ndinawapempha bambowo kuti makatoniwo asawatsegule kaye, chifukwa katundu wosatsegula amabwezeka kumene wagulidwa.

Tinayamba ndi kuyeza compression, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda. Mapulagi onse asanu ndi atatu kunja, throttle (kachitseko kolowera mpweya m'kabureta) yotsegula mpaka kumapeto, kenako kupukusa injini ndi sitata, silinda imodziimodzi. Chofunika kwambiri apa ndi kufanana kwa manambala: masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti. Injiniyi inapambana mayesowo, silinda imodzi yokha ndiyo inawerenga motsikirako pang'ono. Apo mtima unakhala pansi, chifukwa mapisitoni ndi mavalavu zikakhala zabwino, zotsalazo ndi nkhani ya moto, mafuta ndi madzi.

Kenako geji ya vacuum, yoyeza mmene injini ikukokera mpweya, kachipangizo kotchipa kamene amakaniko ambiri masiku ano anakaiwala chifukwa anazolowera kulumikiza kompyuta. Galimoto ya 1971 ilibe poboola kompyuta. Imayankhula kudzera pa muvi wa geji imeneyi. Mabuku amati injini yabwinobwino ikamalira payokha iwerenge pakati pa 17 ndi 21, koma mabukuwo amanena za malo a m'mbali mwa nyanja. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo geji imatsika ndi nambala imodzi pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera. Kuno injini yathanzi ikhoza kuwerenga 13 kapena 15 popanda chovuta. Osadziwa izi amaphwasula injini yabwino. Yathuyi inawerenga motsika kuposa pamenepo, koma muvi uli chiimire, osagwedera. Muvi wogwedera umaloza ku valavu kapena ku pulagi imene sikuyaka. Muvi wokhazikika koma wotsika nthawi zambiri umanena kuti moto ukuchedwa.

Chodabwitsa n'chakuti timing light, tochi yoonera nthawi imene pulagi ikuyaka, inkaonetsa kuti zonse zili m'malo mwake. Pamenepa ndi pamene muyenera kufunsa kuti mzere umene mukuwunikirawo ukunena zoona kapena ayi. Kutsogolo kwa crankshaft kuli harmonic balancer, yomwe ndi zitsulo ziwiri, chamkati ndi chakunja, zogwirizanitsidwa ndi labala pakati. Manambala a timing analembedwa pa chitsulo chakunja. Labala wa zaka zoposa 50 amauma, amang'ambika, ndipo chitsulo chakunja chimaterereka pang'onopang'ono, kutenga manambala aja kupita nawo kwina. Aliyense amene anatchera timing pa galimotoyi m'zaka zapitazi ankatsatira mzere wosochera, ndipo ankachita ntchito yake molondola ndithu.

Njira yodziwira zoona ndi yophweka. Mumachotsa waya wa batire, n'kumanga kachitsulo kotchinga pisitoni pabowo la pulagi ya silinda 1. Mumatembenuza injini ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka pisitoni itagunda kachitsuloko, n'kulemba chizindikiro. Mumatembenuzanso chobwerera mpaka itagundanso, n'kulemba china. Pakatikati pa zizindikiro ziwirizo ndi pamene pisitoni imafika pamwamba penipeni. Titatero tinapeza kuti mzere wa ziro unasuntha kwambiri, ndipo moto unkayaka mochedwa. Moto ukachedwa, mafuta amatsirizira kupsa valavu ya ekizozi itatseguka kale, kutentha kumene kukanakankha pisitoni kumakathera m'hedi ndi m'madzi. Gawo lina la kuwira kuja linali pamenepa. Tinaika balancer yatsopano, n'kutchera moto kuti wonse pamodzi uzifika pa madigiri 34 mpaka 36 injini ikathamanga.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pali chisokonezo chimene chimadyetsa anthu ndalama. Ford inapanga injini ziwiri zosiyana zokhala ndi nambala imodzi, 351 Windsor ndi 351 Cleveland. Ku America, Cleveland anaipanga kuyambira galimoto za 1970 mpaka za 1974 basi, ngakhale ku Australia anapitiriza nayo mpaka 1982. Kuzisiyanitsa n'kosavuta. Chivundikiro cha mavalavu cha Cleveland chili ndi mabawuti asanu ndi atatu, cha Windsor asanu ndi limodzi. Paipi yapamwamba ya rediyeta pa Windsor imakalowa pa intake manifold, pamene pa Cleveland imakalowa pa buloko penipeni, chifukwa manifold yake simudutsa madzi. Amene anazolowera 302 yakale asamalenso pa mawaya a mapulagi: 302 imayaka 1-5-4-2-6-3-7-8, koma 351 imayaka 1-3-7-2-6-5-4-8, ndipo rotor imazungulira mobwerera, mosemphana ndi mivi ya wotchi. Masipanala nawonso akhale a mainchi. Bawuti ya theka la inchi ndi mamilimita 12.7, sipanala ya 13 imalowa bwinobwino, koma bawutiyo ikakhala yadzimbiri imadya makona onse.

Kusiyana kwa injini ziwirizi ndi kumene kunabisa vuto lalikulu la galimotoyi. Titakonza timing kutentha kunatsikako, komabe tikaisiya ikulira pamalo amodzi geji inkakwera ndithu. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito, wa kwathu ku Dedza, ananena zimene aliyense wa ife anakula akumva.

"Madala, bwanji tingoichotseratu thermostat? Kuno n'kotentha, ntchito yake n'chiyani?"

"Mphwanga, tsegula kaye pamenepo, usuzumire m'bulokomo, undiuze chimene ukuona."

Chimene anaona ndi kambale ka mkuwa kokhala ndi bowo pakati, kokhomeredwa m'buloko pansi penipeni pa thermostat. Injini ikadali yozizira, madzi amadutsa pabowolo n'kubwerera ku pampu, kumangozungulira m'injini momwemo kuti itenthe msanga ndiponso mofanana paliponse. Ikafika pa kutentha kwake, thermostat imatseguka, ndipo kachipewa kamene kali kunsi kwake kamatsika n'kutseka bowo lija. Zikatero madzi alibenso njira ina koma ya ku rediyeta. Thermostat ya Windsor imalowa bwinobwino pamalo omwewo, kukula kwake n'kofanana, koma ilibe kachipewako. Bowo limakhala pululu nthawi zonse, ndipo madzi ambiri otentha amabwerera m'injini asanaone n'komwe rediyeta. Amene anathirirapo ku dimba akudziwa kuti mukasiya ngalande yachidule yotsegula, madzi savutikira kupita ku mabedi akutali. M'galimotoyi munali thermostat ya Windsor. Sindikuimba mlandu amene anaiika, chifukwa mukapita pa shopu n'kunena kuti Ford 351, wogulitsa amakupatsani imene ili pafupi.

Muone tsono kumene maganizo a mphwanga aja akanatifikitsa. Kuchotseratu thermostat pa Cleveland kumasiya bowo lija lotsegula mpaka kalekale, vuto limene tikulimbana nalo n'kukhazikika. Ndipo rediyeta ya aluminiyamu ya m'katoni ija, kaya ndi yaikulu bwanji, singaziziritse madzi amene sakufikako. Chizolowezi chochotsa thermostat n'chofala kwambiri kwathu, makamaka pa galimoto zochokera ku Japan, ndipo ngakhale pamenepo chimawononga: injini imakhala yozizira nthawi yaitali, kompyuta imapitiriza kuthira mafuta ambiri, mwini wake n'kumadabwa kuti petulo akupita kuti. Ndikanakonda amakaniko anzanga atasiya zimenezi.

Tinaitanitsa thermostat yoyenera ya madigiri 82, yokhala ndi kachipewa kake. Rediyeta yakale ya mkuwa tinaitumiza kukaitsegula ndi kuitsuka m'kati, chifukwa ubwino wa mkuwa ndi umenewo, umawotcherereka ndi kukonzeka. Chivundikiro chake tinasintha. Kuno kumtunda madzi amawira pa madigiri 94 kapena cha pomwepo, osati 100, ndiye chivundikiro chosagwira presha chimabweretsa kuwira msanga kuposa ku Durban. Chomaliza chinali shroud, chimbale chozungulira fani chimene wina anachichotsa kalekale n'kusachibwezera. Popanda icho fani imakoka mpweya wa m'mbali m'malo mokoka wodutsa m'rediyeta, n'chifukwa chake galimoto imakhala bwino pa msewu waukulu koma n'kumawira pa maloboti. Fani yamagetsi ija sinafunikenso.

Za kukana kulira ikatentha sizinatitengere nthawi. Injini ikazimitsidwa, kutentha konse kumakwera m'mwamba n'kukawiritsa petulo amene ali m'kabureta. Wina amauluka, wina amasefukira mu manifold, ndipo pofuna kuiliza injini imakhala yamira. Tinaika phenolic spacer, kathabwa kotchinga kutentha, pakati pa kabureta ndi manifold, tinasuntha paipi ya mafuta imene inkadutsa pafupi ndi ekizozi, tinatsitsa ma float (toyandama tolamulira kuchuluka kwa petulo m'kabureta) amene anali atakwera kwambiri. Waya wa earth wochokera pa injini unali wobiriwira ndi dzimbiri, ndipo sitata yotentha imafuna magetsi ambiri kuposa yozizira. Titasintha wayawo sitata inayamba kupukusa ndi mphamvu.

Pa kabureta ndi pamene ine ndi bambo aja tinakambirana nthawi yaitali, chifukwa 850 ija ankaikonda, ndipo ndikumvetsa. Koma kabureta siikankhira mpweya m'injini, imangolola umene injiniyo yakoka. Masamu ake ndi awa: 351, kukula kwa injini mu ma cubic inch, kuchulukitsa ndi 5,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), n'kugawa ndi 3,456, yankho ndi 559 cfm. Imeneyo ndi injini yodzaza masilinda ake mpaka pakamwa, zimene injini ya mumsewu sichita. Imadzaza 80 kapena 85 peresenti, kuno kumtunda mpweya wakewo n'kukhalanso wopepuka. Holley ya 600 imene inalipo kale inali yokwanira ndi kutsalako. Mukaika ya mabowo aakulu kwambiri, mpweya umadutsa mwaulesi, sukoka petulo mokwanira, ndipo mukaponda mafuta injini imabanika kuposa poyamba. Pa Cleveland ya mahedi a 4V (opangidwira kabureta ya mabowo anayi) nkhaniyi imakula, chifukwa njira zake za mpweya ndi zazikulu kale, valavu yolowetsa mpweya ndi mainchi 2.19. Mahedi amenewa anapangidwira kuthamanga kwambiri, ndipo pa liwiro la m'tauni amafuna kabureta yowathandiza kufulumizitsa mpweya.

Kubanika kuja kunkachokera pa accelerator pump, kapampu kamene kamalavulira petulo mukangoponda. Labala wake anali atauma gwa, ndipo kamkono kokakankha kanali ndi mpata, choncho throttle inkatseguka petulo asanafike. Tinaika zida zatsopano za m'kati mwa kabureta yonse. Ma jet, timabowo todutsa petulo m'kabureta, tinawachepetsa, potsatira lamulo lodziwika lakuti nambala imodzi itsike pa mamita pafupifupi 600 aliwonse a kumtunda. Power valve, kavalavu kowonjezera petulo mukaponda kwambiri, nayo imasankhidwa poyang'ana vacuum: mumatenga theka la nambala imene geji ikuwerenga injini ikulira payokha. Kabureta yobwera m'katoni inatcheredwa malo otsika, ndipo kuno power valve yake ikhoza kumatseguka nthawi isanakwane, mapulagi n'kuda bii ndi mwaye.

Ndinawachenjeza bambowo za ulendo wa ku nyanja. Galimoto yotcheredwa ku Highveld, dera lakumtunda kumene kuli Johannesburg, ikatsika msewu wa N3, kudutsa Van Reenen's Pass mpaka ku Durban, imakumana ndi mpweya wolemera. Mphamvu zimawonjezeka, dalaivala amasangalala, koma mafuta amakhala ochepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo injini ya compression yofika pafupifupi 11:1 imayamba kugogoda ngati muli timiyala. Kuno kumtunda amagulitsa petulo wa 93 chifukwa mpweya wopepuka umachepetsa kugogodako, koma ku nyanja pamafunika 95, phazi lopepuka, ndipo ngati akukakhalitsa, ma jet akale abwezeretsedwe ndi moto ubwezedwe pang'ono. Kugogoda kumeneko kumaboola pisitoni.

Wina asaganize kuti ndimadana ndi kusintha zinthu pa galimoto yakale. Pali zimene ndimalimbikitsa ndi mtima wonse, ndipo muyeso wanga ndi umodzi: kodi chasintha n'chiyani kuchokera pamene galimotoyi inapangidwa? Petulo wasintha, oyilo wasintha, misewu yadzaza, zipangizo zina zakalamba mosaoneka ndi maso. Ndalama zipite kumeneko.

Ma points, tizitsulo totseka ndi kutsegula magetsi m'kati mwa distributor (chogawira moto ku mapulagi), ndi chitsanzo. Amagwira ntchito, koma amadyeka, mpata wake wa mamilimita pafupifupi 0.4 umasintha, timing n'kumasuntha nawo, ndipo ma condenser abwino akusowa masiku ano. Kachipangizo ka electronic ignition kolowa m'kati mwa distributor yomweyo kamathetsa zonsezi, kunja osaoneka kuti pasintha kanthu. Msampha wake ndi umodzi. Galimoto za ma points zinali ndi resistor yochepetsa magetsi opita ku coil kuti ma points asapse. Pa ma Ford ambiri a nthawi imeneyo resistor imeneyi ndi waya wobisika m'mtolo wa mawaya ena, sioneka ngati chipangizo. Kachipangizo katsopano kamafuna mavoti 12 athunthu. Mukakalumikiza pa waya wakale uja, galimoto imalira bwino m'galaja, kenako n'kumazima yokha pamsewu ikatentha, inu n'kumati kachipangizoko n'kachabe. Yezani magetsi injini ikulira, ndipo ngati ndi ochepa kokani waya wina kudzera pa relay.

China chobisika ndi giya ya timing chain. Pofuna kuchepetsa phokoso, injini zambiri za ku America za nthawi imeneyo zinali ndi giya ya camshaft yokutidwa mano ndi nayiloni. Nayiloniyo ikakalamba imagumuka, tcheni chimakhwefuka mpaka kulumpha dzino, ndipo zidutswa zimagwera mu sump n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo. Popeza balancer inali itachoka kale, tinatsegula chivundikiro chakutsogolo. Mano angapo anali atathothoka. Tinaika magiya achitsulo ndi tcheni cha mizere iwiri, n'kutsitsa sump kuti tichotse zidutswazo pa sefa.

Pamenepo funso la pampu ya oyilo ya m'katoni linabwera lokha, sump ili yotsegula. Cleveland ili ndi mbiri pa nkhani ya oyilo, ndipo mbiriyo ndi yoona. Njira yopita ku ma main bearing imadutsa m'mabowo a ma lifter (tizitsulo tokankhidwa ndi camshaft kuti mavalavu atseguke), choncho injini ikathamanga kwambiri oyilo wambiri amathera kumtunda, ma bearing akumbuyo n'kumalandira wochepa. A mipikisano amaika zochepetsera oyilo wopita kumtunda, ena amavekanso mabowo a ma lifter ndi mkuwa. Koma izi ndi za injini zokhala nthawi yaitali pamwamba pa 6,000 rpm. Pampu yopopa kwambiri ili ndi mtengo wake. Pa injini imeneyi pampu imayendetsedwa ndi distributor, ndipo giya ya distributor imagwidwa ndi kapini kakang'ono. Pampu ikalemera, makamaka m'mawa wa mu Juni oyilo ali wolimba, kapiniko kakhoza kuduka, injini n'kuzima pomwepo. Tinalumikiza geji yeniyeni ya presha, osadalira ya pa dashboard. Lamulo lakale limati 10 psi pa 1,000 rpm iliyonse oyilo atatentha, ndipo injiniyi inkapitirira pamenepo. Tinaika pampu yatsopano ya muyeso wamba.

Oyilo weniweniyo ndi amene ndimaumirira kwambiri. Camshaft ya injini zimenezi imakhudzana ndi ma lifter athyathyathya, chitsulo kukhuzana ndi chitsulo pa mphamvu yaikulu, ndipo chimene chimaziteteza ndi zinc ndi phosphorus za mu oyilo. Kuyambira cha m'ma 2004 oyilo wopyapyala wa galimoto zamakono anachepetsedwa zinthu zimenezi pofuna kuteteza catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi cha pa ekizozi. Galimoto zamakono sizivutika chifukwa zambiri zili ndi ma roller. Yakale ikamwa oyilo wotere kwa nthawi yaitali, camshaft imadyeka mwakachetechete mpaka nsonga zake zitafafanizika. Funani oyilo wopangidwira galimoto zakale, wa zinc wofika pafupifupi 1,200 ppm. Ndipo ngati mwaika camshaft yatsopano, ikangolira musaisiye ikungolira payokha (idle): igwireni pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm kwa mphindi 20 kapena 30 kuti oyilo azithovokera pa camshaft pamene zitsulozo zikuzolowerana.

Petulo naye si uja wa mu 1971. South Africa inasiya kugulitsa petulo wa lead mu Januwale 2006. Lead ankateteza mipando ya mavalavu a ekizozi, imene pa mahedi akale ndi chitsulo wamba cha hedi yomweyo. Popanda iye, galimoto ikamayenda maulendo ataliatali pa liwiro, valavu imamira pang'onopang'ono m'hedi. Mankhwala othira m'thanki amathandiza, koma kukonza kwenikweni ndi kuika mipando yolimba. Amene mukuganiza zodzapita ndi galimoto yakale kumudzi, kumbukiraninso kuti petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Ethanol amadya mapaipi a labala akale ndiponso amakoka chinyezi galimoto ikakhalitsa osayenda. Mapaipi onse a mafuta asinthidwe, aikidwe opirira ethanol. Paipi yong'ambika pamwamba pa V8 yotentha ndi moto.

M'makatoni onse aja munalibe kanthu ka mabuleki, ndipo zimenezi ndimaziona pafupifupi pa galimoto iliyonse yotere. Fairmont GT imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Kutsogolo ili ndi ma disc, kumbuyo ma drum. Poiyesa, inkakokera kumanzere ndikaponda buleki, ndipo ndikachotsa phazi gudumu limodzi linkatsala logwira. Paipi ya labala yopita ku caliper ikhoza kuoneka bwino kunja koma itafufuma m'kati, n'kumalola mafuta kupita koma osabwerera. Tinasintha mapaipi onse atatu, tinakonza ma caliper ndi master cylinder, tinasintha ma wheel cylinder akumbuyo, amodzi mwa iwo anali akudontha kale. Brake fluid anatuluka wakuda. DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa madzi a mumpweya, madziwo amawira mabuleki akatentha pa chitsikiro chachitali, phazi n'kulowa mpaka pansi. Asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, galimoto iziyenda kapena isayende, ndipo asasakanizidwe ndi DOT 5 wa silicone. Za kuika ma disc kumbuyo ndinati zidikire. Ma drum otcheredwa bwino amakwanira pa msewu, ndipo ma disc oikidwa popanda kulinganiza presha ya kutsogolo ndi kumbuyo amachititsa magudumu akumbuyo kugwira msanga, galimoto n'kutembenuka.

Matayala anali ndi mapanga akuya, ooneka ngati atsopano. Pambali pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT, awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Awa anali atapitirira zaka 10. Labala wotere amauma, ndipo pa mvula ya mabingu ya ku Highveld sagwira msewu. Ndalama zimene bambo aja anabwezeredwa pa kabureta ndi rediyeta zinagula matayala anayi, mabushi a kutsogolo ndi ma shock absorber.

Zonse zimene tinachotsa zokhala ndi nambala za fakitale, ma points ndi mbale yake, balancer yakale, ngakhale giya yothothoka ija, tinazilemba maina n'kuziika m'bokosi kuti zizikhala ndi galimotoyo, chifukwa wodzaigula mtsogolo adzazifuna. Ntchito imene yatsala ndi ya mahedi. Tinagwirizana kuti tidzawachotsa nyengo yozizira ikubwerayi kuti tikaike mipando yolimba ya mavalavu. Pakadali pano bambowo azithira mankhwala m'thanki, ndipo galimoto ikabwera kudzasintha oyilo tiziyeza compression, makamaka pa silinda ija inawerenga motsikirako.